Titeteze malole a mafuta ndi zipolopolo kunkhondo

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za asilikali amene sitiwatchula kawirikawiri: madalaivala a malole, amakaniko, azachipatala ndi osunga zipolopolo. Kale ankakhala kumbuyo, kutali ndi moto. Lero droni, kandege kopanda munthu mkati, imawapeza komweko.

Mu 2022 mdipiti wa galimoto zankhondo za Russia, wotalika makilomita oposa 60, unaima masiku angapo kumpoto kwa Kyiv, likulu la Ukraine. Mafuta anachepa, ndipo pamsewu wopapatiza galimoto imodzi ikafa, zonse zakumbuyo zimaima.

Choncho malole asamatsatane ngati ali pamaliro. Pakhale mpata wa mamita 100, ndipo nthawi yonyamuka ndi njira zizisintha. Mafuta ndi zipolopolo zisasungidwe pamodzi. Bola timilu tating'ono m'malo angapo, tokwiriridwa ndi matumba amchenga, kuti bomba limodzi lisapsereze zonse. Usiku si chitetezonso, chifukwa kamera yoona kutentha imaona injini ngakhale itazimitsidwa kumene. Mafoni azizimitsidwa, poti amaulula malo. Makina osokoneza mafunde a wailesi owongolera droni amathandiza, koma droni yowongoleredwa kudzera mu ulusi wagalasi wa fibre optic saisokoneza, n'chifukwa chake ku Ukraine amatchinga misewu ndi maukonde.

Asilikali athu akhala akutumikira ku DRC, komwe matope okha amagwira lole mpaka ma ekiselo. Galimoto yokoka zinzake iziyenda kumapeto, ndipo dalaivala aliyense azisunga lamba womangira dzanja kapena mwendo poletsa magazi pachifuwa pake, osati pansi pa mpando.

Ndikupempha kuti ku Moyale Barracks kuno madalaivala aziphunzitsidwa zimenezi asananyamuke.

Wowerenga wanu,
Mzuzu