Wochotsedwa ntchito apatsidwe mpata wopuma

Akonzi,

Ndikupempha danga m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhulepo za anthu amene moyo wawasinthira mwadzidzidzi, monga amene achotsedwa ntchito, amene bizinesi yawo yagwa, amene banja lawo latha, ngakhalenso amene apuma pa ntchito atatumikira zaka zambiri pamalo amodzi. Chimene chimandiwawa n'chakuti anthu oterewa sitiwapatsa mpata wovomereza zimene zawagwera. Sabata isanathe chilandirireni kalata yomuchotsa ntchito, munthu amayamba kufunsidwa ndi abale ndi anzake kuti, "Nanga mwapezako ina?" Ofunsawo amatero chifukwa chomudera nkhawa, koma iye amamva ngati akumunena kuti kukhala pansi tsiku limodzi lokha ndi ulesi, ndipo amadzuka kukathamangathamanga mtima udakali ndi bala.

Kusintha kwa moyo kumalemetsa thupi ndi maganizo kuposa mmene ambirife timaganizira. Mu 1967, madokotala awiri a matenda a maganizo ku America, Thomas Holmes ndi Richard Rahe, anandandalika zochitika 43 zimene zimasautsa munthu, chilichonse n'kuchipatsa mlingo wake. Imfa ya mwamuna kapena mkazi wako anaipatsa 100, kutha kwa ukwati 73, kuchotsedwa ntchito 47, ndipo kupuma pa ntchito 45. Ngakhale kulowa m'banja, komwe ndi chinthu chosangalatsa, anakupatsa 50, chifukwa chotopetsa munthu ndi kuzolowera moyo watsopano. Nthawi zambiri zinthuzi sizibwera chimodzichimodzi. Ntchito ikatha, ndalama zimasokonekera, pakhomo pamabuka mikangano, mwina banja limasamuka nyumba, ndipo zonsezi zimagwera munthu mmodzi yemweyo.

Munthu wotere tulo timamuthawa. Amagona foni ili m'manja, amadzuka pakati pa usiku kuona ngati pali amene wamuyankha, ndipo kukacha amalembanso makalata ofunsira ntchito iliyonse imene waiona, ngakhale imene sakuidziwa n'komwe. Apa ndi pamene anthu amapanga zosankha zimene amadzanong'oneza nazo bondo: kutenga ngongole ya katapira, kugulitsa katundu motchipa, kapena kuponya ndalama zonse zimene anawapatsa pochoka pa ntchito m'bizinesi imene angoimva kwa mnzawo. Ubongo wosagona ndi wodzala mantha umaona za lero zokha. Madokotala amanena kuti munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 kapena kuposerapo usiku uliwonse, ndipo ine ndikuona kuti wosagona mokwanira sayenera kusaina pepala lililonse lokhudza tsogolo lake.

Tisaiwalenso kuti ambiri amafika pa tsiku lochotsedwa ntchito atatheratu kale mphamvu. Mu 2021 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO pamodzi ndi loona za ntchito la ILO analengeza kuti kugwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa sabata kumawonjezera chiopsezo cha sitiroko ndi 35 peresenti poyerekeza ndi kugwira maola 35 mpaka 40. Munthu amene wakhala zaka akugwira chonchi ali ngati munda umene walimidwa chaka ndi chaka osaugoneka. Kuubzala mwamsangamsanga sikubweretsa zokolola.

Ena adzati kupuma ndi kwa anthu opeza bwino, chifukwa ana akufuna fizi ndipo mwini nyumba sadikira. Mawu amenewa ndi oona ndipo sindikuwapeputsa. Kupuma kumene ndikunena kuno sikulira ndalama. Ndi kugona pa nthawi yake, kuika maola ochepa pa tsiku ofunira ntchito n'kuleka akakwana, kusiya tsiku limodzi pa sabata lopanda makalata ndi mafoni a za ntchito, komanso kunena zoona kwa a pabanja m'malo modzuka m'mawa, kuvala bwino n'kumanamizira kuti ukupita ku ntchito imene inatha kale. Chinsinsi chotere chimadya mphamvu zambiri kuposa vuto lenilenilo. Kuvomereza kumayambira pa kutha kunena pakamwa kuti, "Ntchito ija inatha, ndipo zandipweteka," popanda kudziimba mlandu kapena kufunafuna wina womunamizira.

Komabe kupuma kumasiyana ndi kungokhala chagonere. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, fakitale ya nsalu itatsekedwa m'mudzi wa Marienthal ku Austria, katswiri wa kafukufuku Marie Jahoda ndi anzake anakafufuza moyo wa anthu amene anasowa ntchito kumeneko. Anapeza kuti amuna ambiri anasiya kusamala za nthawi, ankayenda mwapang'onopang'ono m'misewu, ndipo ngakhale anali ndi nthawi yochuluka, kubwereka mabuku ku laibulale kunatsika. Ntchito imapatsa munthu malipiro, koma imamupatsanso ola lodzukira, anthu ocheza nawo ndi chifukwa chotulukira m'nyumba. Choncho wopuma asunge nthawi yodzukira, aziyendako tsiku lililonse, ndipo asadzitsekere kwa anzake chifukwa cha manyazi. Ngati chisoni, kusowa tulo ndi kusafuna kudya zapitirira milungu iwiri, kapena munthu wayamba kuganiza zodzichotsera moyo, apite kuchipatala kapena kwa mlangizi mosazengereza, ndipo amene ali pafupi amuperekeze.

Pempho langa lalikulu likupita kwa ife amene tili ndi mbale kapena mnzathu amene ali m'nyengo yotereyi. Tileke kumuyerekeza ndi anzake amene zikuwayendera, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tikapita kukamuona, tiyambe tamufunsa ngati akugona bwino komanso ngati akudya, timvetsere zimene ati anene osamudula pakamwa ndi malangizo, ndipo za ntchito tidikire kuti aziyambitse yekha.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu