Usaigulitse galimotoyo usanaiyeze

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno tili bwino, kupatula bondo la amayi ako limene limavutabe kukazizira. Ndati ndikulembere chifukwa pa foni Lamulungu lija sitinamvane. Iwe mtima unali m'mwamba, ine mawu anandichulukira, mayunitsi n'kutha tisanafike pamutu wa nkhani. Unati Vitz yako ikumwa mafuta ngati lole, kuti anakupusitsa, ndipo wayamba kale kufunsa anthu oti aigule. Usiku umenewo tulo sindinatione. Ndikudziwa zaka zimene wakhala ukudzimana kuti ndalama imeneyo ikwane, ndi mmene unadikirira kuti galimotoyo ichoke ku Japan, itsike padoko la Dar es Salaam, ilowe pa Songwe, msonkho n'kulipira. Chinthu chobwera movutikira chonchi sachitaya pa miyezi iwiri.

Ndinakufunsa kuti ikuyenda makilomita angati pa lita imodzi, iwe unayankha kuti kamuvi koonetsa mafuta kakutsika msanga. Mwana wanga, kamuvi si muyeso. Thanki ya galimoto si yowongoka ngati ndowa, ili ndi makona ndi mabampu, n'chifukwa chake kamuvi kamachedwa pena, pena n'kugwa mofulumira. Ndalamanso si muyeso. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, a MERA, bungwe loona za mafuta ndi magetsi, akhala akusintha mtengo wa mafuta, ndiye ukamati "ndathira a 20,000 koma atha kale", ukudandaula za kwacha, osati za injini. Uziwerenga malita.

Zaka zonse zimene ndinagwira ntchito ya udalaivala, galimoto iliyonse inali ndi buku lake, ndipo sindinkaloledwa kuweruka ndisanalembemo. Iwenso gula kope laling'ono, uliike mu kabokosi ka kutsogolo pamodzi ndi cholembera. Tsiku limene mafuta apezeka, uwauze athire mpaka pampu idule yokha. Ikangolira kuti "tha", asawonjezere, asagwedezenso galimoto kuti alowe ambiri. Ulembe nambala ya makilomita, kapena ubweze pa ziro kanambala ka TRIP, kowerenga makilomita a ulendo. Uziyenda monga mwa masiku onse. Ukadzathiranso, adzazenso chimodzimodzi, ulembe malita amene alowa. Makilomita amene wayenda ugawe ndi malitawo. Ngati wayenda 360 ndipo alowa malita 30, ndiye kuti lita imodzi ikukuyendetsa makilomita 12. Uchite zimenezi katatu. Ndikudziwa kuti kudzaza thanki ya malita 42 kumapweteka m'thumba, koma mafutawo sakutayika, uwagwiritsa ntchito ndithu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Za nambala ija unaiona pa intaneti, yoti imayenda makilomita opitirira 20 pa lita, usaiike pamtima kwambiri. Si bodza lenileni, koma imachokera ku mayeso a ku Japan amene amachitikira m'nyumba, galimoto ili yatsopano, matayala akuzungulira pa makina, AC atazimitsa, mopanda phiri, maenje kapena katundu. Iwe ukuchoka ku Area 25 m'mawa, kudutsa pa Kanengo pakati pa mathiraki, n'kukaima pamdipiti wa magalimoto polowa m'tauni, injini ikungolira pamalo amodzi. Galimoto yoima imamwa mafuta koma makilomita sawonjezereka. Komanso petulo wathu amasakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Nchalo, ndipo ethanol mphamvu yake ndi yocheperapo poyerekeza ndi petulo. Choncho ukapeza 12 kapena 13 m'tauni, galimotoyo ilibe mlandu. Ukapeza 8 kapena 9, pamenepo ndiye pali chofufuza, koma uyambire pa zinthu zotchipa.

Yamba ndi matayala. Tsegula chitseko cha dalaivala, uyang'ane pa chipilala pamene chitseko chimatsekera. Pali kapepala komata, zolemba zake ndi za Chijapani koma manambala uwawerenga, monga 230 kapena 240 kPa. Umenewo ndiye mpweya woyenera. Uyezetse m'mawa matayala asanatenthe, ndi geji, osati kumenya tayala ndi phazi monga amachitira ena m'mbali mwa msewu. Tayala lofewa limakoka ngati ngolo ya mumchenga, limathanso msanga m'mbali.

Kenako fyuluta ya mpweya. Imeneyi ungathe kuiona wekha. Ili m'kabokosi kakuda pafupi ndi injini, kotsekedwa ndi tizitsulo tongokanula ndi chala. Uitulutse, uiloze kudzuwa. Ngati kuwala sikukudutsa, yatha ntchito. Msewu wa kwanu uja ndi wafumbi, ndipo pofika Okutobala fyuluta imakhala yofiira ngati njerwa. Usalole aitsuke ndi madzi, ndi yapepala. Mapulagi nawo awaone, chifukwa sukudziwa kuti mwini wake woyamba anawasintha liti. Ndipo pa sevisi uziima pomwepo, uone chigubu cha oyilo chisanatsegulidwe. Tiinjini tating'ono timeneti anatipangira oyilo wopepuka, 0W-20 kapena 5W-30. Ambiri amathira 20W-50 wa magalimoto akale chifukwa ndi amene ali pafupi, injini n'kumavutika kuzungulira.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikukupempha kuti usalole munthu achotse. Choyamba ndi thermostat. Amakaniko ambiri amati kuno n'kotentha, siifunika. Ine ndakangana nawo pa nkhani imeneyi kwa zaka zambiri. Kachipangizo kameneka kamathandiza injini kufunda msanga ndi kukhala pa kutentha koyenera. Akakachotsa, injini imachedwa kufunda, kompyuta ya galimoto imaona ngati kukadali m'mawa, n'kumapereka mafuta ochuluka. Chachiwiri ndi catalytic converter ya ku ekizozi, kachipangizo koyeretsa utsi. Wina akadzati yatsekeka, tiichotse galimoto ipume, udziwe kuti mkati mwake muli zitsulo zamtengo wapatali zimene zili ndi msika wake. Ngati pa dashibodi payaka kachizindikiro ka injini, upite kwa amene ali ndi makina owerengera vuto pa kompyuta. Nthawi zina imakhala sensa imodzi ya ku ekizozi yafa, ndipo imeneyo yokha imatha kukudyera malita.

Tsopano ndinene za phazi lako, ndipo usakhumudwe. Tsiku lija unanditenga pa depoti ndinaona mmene umayendetsera. Maloboti akangolola umaponda moto kwambiri, patsogolo pang'ono n'kuponda buleki. Mafuta amene wawotcha kuti uthamange amathera pa buleki pomwepo. Uziyang'ana patali. Ukaona minibasi yayamba kupatukira pa siteji kapena bampu ikubwera, chotsa phazi msanga, galimoto ifike yokha. Pa M1 uziyenda 80 kapena 90. Ukafika 120 mphepo imakukankha mwamphamvu, mafuta amapita ambiri, ndipo pa Linthipe ndi m'misika ya m'njira muli njinga, mbuzi ndi ana. M'mawa palibe chifukwa choilizira mphindi khumi ukumwa tiyi. Zimenezo zinali za magalimoto a nthawi yathu. Yako ukailiza, kamphindi kochepa, nyamuka pang'onopang'ono.

Chimene ndikukuletsa ndi mtima wanga wonse ndi kuika giya pa N (nyutilo) potsetsereka. Anzako adzakuuza kuti amatero kuti asunge mafuta. M'galimoto za masiku ano, ukachotsa phazi pa moto giya ili m'malo, kompyuta imadula yokha mafuta opita mu injini. Ukaika pa N, injini imafunika mafuta kuti isazime, ndiye palibe chimene wapulumutsa. Choopsa n'chakuti galimoto yonse imatsamira pa mabuleki okha. Ndinaonapo pa Khwekhwelere, potsikira ku Golomoti, galimoto itaima m'mbali mabuleki akufuka utsi, mayi atakhala pansi ndi mwana kumsana akunjenjemera. Iwowo Mulungu anawachitira chifundo. Pamalo otere uike giya pa B kapena S, injini ikuthandize kugwira.

Mafuta akasowa, pirira pamzere. M'chaka cha 2012, pamene tinkagona pa malo omwetsera mafuta, ndinatopa n'kugula chigubu kwa mavenda. Anali osakaniza ndi palafini. Injini inayamba kugogoda ndisanayende makilomita makumi awiri, ndipo ndalama yokonzetsera inaposa ya mathanki atatu. Usazolowerenso kuyendera pa nyali ya mafuta itayaka, chifukwa pampu ili m'thanki momwemo ndipo imazizira ndi mafuta omwewo.

Nkhani yomaliza ndi yovuta kuinena, poti ikukhudza abale athu omwe. Amayi ako andiuza kuti mwezi wathawu unapita ku Mitundu kukatenga matumba a chimanga a azakhali ako, unanyamula a kwaya kupita ku Nathenje, ndiponso mlamu wako anaibwereka Loweruka lonse n'kuibweza kamuvi kali pansi. Mwina galimotoyo sikumwa mopitirira, koma ikuyenda maulendo a anthu ambiri pa thumba la munthu mmodzi. Vitz ndi kagalimoto kakang'ono, matumba anayi a makilogalamu 50 ndi ofanana ndi akuluakulu atatu. Sindikuti uumire mtima. Pa matenda ndi pa maliro pita, usawerengere, ifenso anthu anatinyamula. Koma pa maulendo enawa, kunena kuti "ulendo umenewu ufunika malita asanu, tithandizane" si mwano. M'kope muja uzilembamonso kuti ulendo unali wa ndani. Azakhali ako ndiyankhula nawo ndekha, zimenezo usade nazo nkhawa.

Kumapeto kwa mwezi ubwere kuno ku Ntcheu. Udzaze thanki ponyamuka ku Lilongwe, usaiwale ndalama ya pa tollgate ya Kalinyeke, ndipo tikadzazenso pa boma kuti tione mmene ikuyendera pa ulendo wautali. Kope lija ubwere nalo. Ndikufuna ndiimve injiniyo ndi makutu anga m'mawa isanafunde, tidzatsegulenso boneti limodzi kuti ndikuonetse zonse ndatchulazi. Amayi ako akupereka moni, akuti akusungira mbatata ya kachewere ndi nyemba.

Ndine bambo ako.