Achinyamata apatsidwe mpata wokonzera ana malo a sayansi

Mkonzi wolemekezeka,

Chiyambireni maphunziro aulere mu 2022, makalasi a mu Lusaka adzaza, ndipo ana ambiri a m'makomboni monga Kanyama, Chawama ndi Matero akaweruka amasowa chochita. Pempho lathu n'lakuti ophunzira a kusekondale, makamaka a m'makalabu a sayansi otchedwa JETS, apatsidwe chipinda kusukulu kapena kutchalitchi, akonzere azing'ono awo malo ophunziriramo sayansi. Mapulani ake ajambule okha. Iwo akukumbukirabe zimene zinkawavuta, ndipo mwana saopa kufunsa mkulu wake.

Ayambe ndi kuyeza. Tebulo la mwana wa zaka 7 mpaka 10 lisapitirire masentimita 60, apo ayi mwanayo amangoonerera osagwira kanthu. Patebulo pakhale ana anayi ndi wachinyamata mmodzi. Akachuluka, wamanyazi amatsalira. Matebulo ayandikire mawindo chifukwa magetsi amathimathima. Zipangizo zikhale pashelefu yokwezeka, poti ku Kanyama madzi amalowa m'nyumba nthawi ya dzinja.

Zodula sizikufunika. Mabatire awiri a 1.5 volts, waya ndi kababu ka tochi n'zokwanira kuonetsa mmene magetsi amayendera. LED (kababu kakang'ono ka miyendo iwiri) ikakana kuyaka, kawirikawiri imakhala kuti aitembenuza: mwendo wautali upite kumbali ya batire yolembedwa +. Batire la 9 volts limaiwotcha ngati palibe resistor, kachipangizo kochepetsa mphamvu ya magetsi. Soketi ya pakhoma asaikhudze n'komwe, ndipo timabatire tozungulira ta m'mawotchi tisalowe m'chipindamo, chifukwa mwana akameza timamuwotcha kummero.

Phunziro lopanga sefa ya madzi ndilo limatidetsa nkhawa kwambiri. Dulani botolo la malita 2 kumatako, lizondotseni, mangani kansalu pakamwa pake, kenako thirani makala osinja, mchenga, timiyala pamwamba. Makala ndi mchengawo zikapanda kutsukidwa kaye, madzi amatuluka akuda kuposa mmene analowera. Koma ngozi yeniyeni ili pamene atuluka oyera mbee, chifukwa mwana amafuna kulawa. Sefayi imachotsa matope, sichotsa tizilombo ta kolera, matenda amene anautsa maliro ambiri mumzinda muno kuchiyambi kwa 2024. Botolo lililonse lilembedwe kuti "Osamwa", ndipo phunzirolo lisathe ana asanaonetsedwe kuwiritsa madzi kapena kuthiramo klorini.

Mphunzitsi kapena kholo mmodzi azikhalapo nthawi zonse, azisunga kiyi ndi kaundula wa mayina, ndipo ana aziweruka dzuwa lisanalowe.

Ndife,
Aphunzitsi a sayansi, Lusaka