Dandaulo: munandipatsa filimu imene sindinaitanitse, ndipo mukukana kuisintha

Kwa a Manijala,
Sitolo ya mabuku ndi mafilimu,
Blantyre.

Bwana,

Ndalemba kalatayi chifukwa pakauntala panu nkhani yanga yakanika. Mwezi watha ndinalipira ndalama zonse, kuphatikizapo zonyamulira, kuti mundiitanitsire kunja ma DVD a filimu ya Lonesome Dove ya mu 1989. Dzina ndi chaka ndinalemba ndi dzanja langa pa fomu yanu, ndipo lisiti ndili nalo. Katundu atafika munandipatsa Return to Lonesome Dove ya mu 1993. Nditaibweza, mnyamata wogulitsa anati n'zomwezo, zonse ndi za makauboyi, komanso katundu woitanitsa sabwezedwa.

Bwana, si zomwezo ayi.

Larry McMurtry analemba mabuku anayi onena za makauboyi awiri amene ndi mabwenzi, Gus McCrae ndi Woodrow Call. Loyamba, Lonesome Dove, linatuluka mu 1985 ndipo linapata mphoto ya Pulitzer chaka chotsatira. Kenako kunabwera Streets of Laredo mu 1993, Dead Man's Walk mu 1995 ndi Comanche Moon mu 1997. Onsewa ndinawawerenga, ena ogula pakaunjika wa mabuku, ena ochita kubwereka, ndipo loyambalo zikuto zake zinathothoka kalekale. Buku lililonse analipangira filimu yake ya pa kanema. Imene mwandipatsayi siichokera m'buku lililonse mwa anayiwa, ndipo McMurtry sanailembe. Anthu a kanema anangoona kuti yoyamba yakondedwa, n'kupeka yawoyawo. N'chifukwa chake imatsutsana ndi mwini nkhani: m'buku lachiwiri Newt, mwana wa Call, anamwalira ndipo ulimi wa ng'ombe umene Call anayambitsa ku Montana unagwa, pamene mu filimu yanuyi Newt ali moyo. Gus mulibemo, poti amafa m'nkhani yoyamba, ndipo Call akuseweredwa ndi Jon Voight m'malo mwa Tommy Lee Jones. Zimenezi n'zolembedwa pabokosi pomwepo, wogulitsa wanu akanangotembenuza n'kuwerenga.

Mwina kwa inu bokosi ndi bokosi, koma ine filimu ya 1989 ndaidikira zaka zambiri. Ili m'magawo anayi, pafupifupi maola 6, ndipo anaitsogolera ndi Simon Wincer. Ndimafuna kuona Robert Duvall akulankhula ngati Gus, nkhalamba yolongolola, yokonda kachasu wa kwawoko ndi akazi, koma yosathawa mnzake pamavuto. Ndimafuna kuona ng'ombe zija zikunyamuka kumalire a Texas ndi Mexico, m'mbali mwa mtsinje wa Rio Grande, kudutsa fumbi, ludzu ndi mitsinje yosefukira mpaka ku Montana. Pali malo ena m'bukumo pamene mnyamata wa ku Ireland akugwera m'gulu la njoka zam'madzi powoloka mtsinje wa Nueces. Ndinawerenga pamenepo thupi lili tsembwe, ndipo mpaka lero ndimadzifunsa kuti anajambula bwanji.

Koma chachikulu ndi Deets, munthu wakuda wodziwa kulondola mapazi, yemwe akuseweredwa ndi Danny Glover. Mafilimu a makauboyi amene tinakulira kuonera m'mavidiyo sho ankatisonyeza azungu okhaokha pamahatchi, chikhalirecho akuda anali ambiri pantchito yokusa ng'ombe. Deets anamutengera kwa munthu weniweni, Bose Ikard, wobadwira mu ukapolo ku Mississippi, amene anagwira ntchito ndi Charles Goodnight, mwini ng'ombe wotchuka wa ku Texas. Mawu amene Call akuzokota pathabwa la pamanda a Deets amafanana ndi amene Goodnight analembetsa pamwala wa Ikard. Ngakhale mathero a nkhaniyi ali ndi muzu wake. Mnzake wa Goodnight, Oliver Loving, atamwalira ku Fort Sumner mu 1867, thupi lake analinyamula kubwerera nalo ku Texas monga anapempha yekha. Call nayenso akunyamula thupi la Gus ulendo wonsewo, anthu akumunena kuti wapenga. Ife amene timasonkha ndalama kuti maliro a m'bale achoke ku Joni akaikidwe kumudzi, pamenepa sitifunika wotimasulira. Zonsezi zili mu filimu imene ndinalipira, ndipo mu imene mwandipatsa mulibe.

Chimene chandipweteka kwambiri ndi mayankhidwe. Kulakwitsa oda kumachitika, maina awiriwa ndi ofanana. Koma kundiuza pagulu kuti ndikulimbana ndi zinthu zopanda pake, n'kundilozera chikwangwani chakuti katundu wogulidwa sabwezedwa, kumeneko n'kundinyoza. Chikwangwanicho sichingakutetezeni pamene wolakwa ndi inu. Bokosi sindinalitsegule, pulasitiki yake ili momwemo, ndipo ndinalisiya m'manja mwa wogulitsayo. Panopa ndilibe filimu, ndilibenso ndalama.

Pempho langa ndi ili. Muitanitse Lonesome Dove ya mu 1989, magawo onse anayi, ndipo zonyamulira mulipire inu. Poitanitsapo muonetsetse chigawo cha DVD: za ku America ndi Region 1 ndipo makina anga, ogulidwa ku South Africa, amawerenga Region 2, choncho musandibweretsere chimbale chimene chikakane kusewera. Ngati simungaipeze, mundibwezere ndalama zanga zonse, osati kundiuza kuti ndisankhe katundu wina m'sitolo. Ndinali ndi maganizo oitanitsanso mafilimu atatu otsalawo kudzera kwa inu, koma ndaima kaye mpaka ndione mmene muthetsere izi.

Ndikuyembekeza yankho lolembedwa pasanathe masiku 14. Likapanda kubwera, nkhaniyi ndikaitula ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission pamodzi ndi lisiti komanso fomu ya oda. Makope a zonse ziwiri ndaphatika ku kalata ino.

Ine kasitomala wanu wodandaula,
wa ku Zomba