Ofuna kukumba Bitcoin kunyumba ayambe awerenga mayunitsi

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhe kudzera m'nyuzipepala yanu funso lomwe achinyamata a kuno ku Mulanje akhala akundifunsa kawirikawiri, loti kodi munthu atagula mashini okumbira Bitcoin, ndalama ya pa intaneti ija, n'kuwaika m'nyumba mwake angapindule. Ntchito yanga ndi yamagetsi. Ndimayala mawaya m'nyumba ndi m'mashopu kuyambira pa Chitakale mpaka ku Limbuli, ndiye anyamatawa amabwera kwa ine podziwa kuti ndine ndingawakokere laini ya mashiniwo. Yankho langa n'lakuti ayi, sangapindule, ndipo chifukwa chake chili pa mita, osati pa mtengo wa Bitcoin womwe iwo amachezera kuuyang'ana pafoni.

Nkhani zomwe amamva, zoti wina analemera ndi kompyuta ya m'chipinda, n'zoona koma n'zakale. Bitcoin itayamba mu January 2009, munthu ankatha kukumba ndi kompyuta wamba, ndipo wopambana ankalandira ma Bitcoin 50. Kukumbako n'kupikisana: makompyuta a padziko lonse amalota nambala, ndipo pafupifupi mphindi 10 zilizonse imodzi imalasa n'kutenga mphotho. Mphothoyo imadulidwa pakati pakatha zaka zinayi. Mu 2012 inatsika kufika pa 25, mu 2016 pa 12.5, mu 2020 pa 6.25, ndipo kuyambira April 2024 ili pa 3.125. Cha m'ma 2028 idulidwanso. Pomwe mphotho ikuchepa, opikisana akuchuluka, ndipo pakatha masabata awiri aliwonse dongosolo lake limadzikonza lokha kuti kulasa nambala kuvute molingana ndi kuchuluka kwa mashini. Patsiku amatuluka ma Bitcoin atsopano okwana 450 basi, kaya okumba ndi khumi kaya ndi mamiliyoni. Mukalowamo inu, mukungowonjezera pakamwa pogawana nawo.

Amene ankakumba Ethereum, ndalama ina ya pa intaneti, ndi makadi a masewera a pakompyuta, khomo lawo linatsekedwa pa 15 September 2022, pomwe ndalamayo inasiyiratu kukumbidwa. Choncho wokugulitsani kompyuta ya makadi asanu ndi limodzi lero, akuti mukumbire Ethereum, akukugulitsani chinthu chomwe ntchito yake inatha.

Tsono tiyeni tichite masamu, poti m'mene muli nkhani yonse ndi momwemu. Mashini omwe anyamata amakonda kundionetsa pafoni ndi Antminer S19, opangidwa ndi kampani ya ku China ya Bitmain, chifukwa ogwiritsidwa kale ntchito atsika mtengo. Amadya mawati 3,250, usana ndi usiku osapuma. Patsiku amenewo ndi mayunitsi 78. Pamwezi ndi mayunitsi 2,340. Tengani lisiti lanu la mayunitsi la mwezi watha, la nyumba yonse, mababu, TV, firiji ndi simbi, muyerekeze ndi nambala imeneyo. Ambiri ndikawauza zimenezi amayamba aseka, poganiza kuti ndaphonya powerengera.

Nanga amabweretsa zingati? Mu 2025 mphamvu ya mashini onse okumba Bitcoin padziko lapansi inafika poti S19 imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo pafupifupi 10 miliyoni. Gawani ma Bitcoin 450 aja ndi 10 miliyoni, mupeza 0.000045 patsiku. Titenge mtengo wokoma wa madola 100,000 pa Bitcoin imodzi, womwe unafikidwa koyamba mu December 2024. Ndiye kuti mashini anu akubweretsa madola anayi ndi theka patsiku, musanachotse kangachepe komwe amadula a gulu lomwe mwalowamo, pajatu wokumba payekha atha kudikira zaka mazana osalasa ngakhale kamodzi. Madola anayi ndi theka kugawa ndi mayunitsi 78 ndi masenti osakwana 6 pa yuniti. Pa mtengo wa dola wa kubanki wa mu 2025, amenewo ndi pafupifupi K100. Yuniti yanu ikapitirira pamenepo, mukulipira kuti mashini azilira. Ikakhala pansi pang'ono, kotsalako sikadzabweza ndalama yogulira mashini mphotho isanadulidwenso.

Pamenepa ndi pomwe anyamata ochenjera amandigwira pakamwa, ndipo mfundo yawo ndi yofunika kuimva bwino. Amati: “Ankolo, inu mukuwerengera dola ya kubanki. Magetsi tilipira m'makwacha, koma Bitcoin tigulitsa pa mtengo wa ku black.” N'zoona kuti dziko lino lili pa njala ya ndalama zakunja, ndipo kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Aliyense amene ali ndi kanthu kofanana ndi dola amaoneka ngati mfumu. Papepala, masamu amenewa amatuluka bwino ndithu.

Koma dola yodulayo ndi yomweyo imene mugulire mashini. Ndi yomweyo imene mulipire wowanyamula kuchoka ku China kapena ku Joni, ndipo msonkho wa pachipata ukukudikirani. Fani ikafa, kapena bolodi imodzi mwa atatu a m'katimo ikapsa, simukaipeza pa Chitakale, ngakhale ku Limbe n'zokayikitsa; muitanitsanso ndi dola yomweyo, mashini ali chikhalire. Chinanso, phindu lonse la masamu amenewa silikuchokera m'kukumba ayi, likuchokera m'kusiyana kwa mitengo iwiri ya dola. Tsiku lomwe boma lidzagwetsenso kwacha, magetsi adzakwera, kusiyanako kudzachepa, ndipo inu mudzatsala ndi chitsulo. Bizinesi yake yatsamira pa msika womwe malamulo saulola, ndipo Reserve Bank of Malawi inanena kale mu 2019 kuti ndalama za mtunduwu si ndalama zovomerezeka m'dziko muno. Wogula akakuthawani ndi Bitcoin yanu mutatumiza kale, mukadandaula kwa yani? Ndimawafunsanso kuti, ngati chomwe mukufuna ndi kusunga chuma m'chinthu chosagwa ndi kwacha, mashini alowapo bwanji? Pamenepo amakhala chete.

Ndinenekonso za nyumba yeniyeniyo, poti ndi gawo langa. Mawati 3,250 pa magetsi athu a mavoti 230 ndi ma amp 14. Pulagi yathu ya mano atatu ija ili ndi fyuzi ya ma amp 13. S19 imabwera ndi zingwe ziwiri, ndipo munthu wosadziwa amazilowetsa zonse pa extension imodzi. Mashini otere amafuna laini yawoyawo kuchokera pa bokosi, waya wokhuthala, breaker yake, ndi earth yeniyeni, osati kachitsulo kokhomedwa mwachinyengo kuseri kwa nyumba. Nyumba zambiri za lendi zomwe ndimalowa kuno zinayalidwa mawaya oti azinyamula mababu ndi wailesi.

Ndinaitanidwapo pa nyumba ina chakumtunda kwa msika, mayi wa nyumbayo atamva fungo la pulasitiki. Mwana wawo anali atabwera ndi mashini akale, Antminer S9, kuchokera ku Joni, ati anawapeza motchipa. Anawaika pansi pa bedi kuti phokoso lichepe, n'kuwafunditsa katoni. Nditatulutsa extension, ya pamsika ija ya kawaya kowonda, inali itafewa moti chala chimalowa, ndipo mabowo awiri a soketi anali atada bii. Kuseri kwa fani kunali kutamatirira fumbi ndi ubweya wa bulangete, zokhuthala ngati chala. M'chipindamo munali motentha moti mnyamatayo ankagona pa balaza. Mayi ake anandifunsa kuti, “Bambo, kodi chimenechi chikupanga ndalama zingati? Mayunitsi a mwezi wonse akutha masiku atatu.” Ndinawawerengera pamaso pa mwana wawo. S9 imadya mayunitsi opitirira 30 patsiku, ndipo pa masamu omwe aja imabweretsa masenti pafupifupi 60. Kunja mashini amenewa anatayidwa kale, n'chifukwa chake amapezeka motchipa.

Phokoso lokha ndi mlandu. Mafani ake amalira ngati chigayo cha dizilo chomwe sichitseka usiku, ndipo pa nyumba za mdadada aneba sangakupirireni sabata. Mphamvu yonse yomwe mashini adya imatuluka ngati kutentha. Ku mayiko ozizira ena amati bola amawotha nawo. Kuno mwina mu June, chiperoni chikatsika m'phiri, koma chinyezi chomwecho n'chimene chimadyetsa dzimbiri mabolodi. Nanga mu October? Ndipo dzinja la ku Mulanje limabwera ndi mphenzi zomwe chaka chilichonse zimandipatsa ganyu yosintha ma TV ndi madikoda a anthu.

Masamu onse aja ndawerengera kuti magetsi ayaka maola 24. Tonse tikukumbukira January 2022, namondwe Ana atawononga damu la Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 pa magetsi a dziko lino, mdima wake unatha chaka ndi miyezi. Mu March 2023 Freddy anagwetsa mapolo ndi milatho kuno kwathu. Mashini akazima, anzanu a ku Texas ndi ku Ethiopia akupitiriza kukumba, ndipo tsiku lotayikalo silibwerera. Ena amati aika sola. Kuti mupeze mayunitsi 78 patsiku mufunika mapanelo a mawati 400 osachepera 40, kuphatikiza mabatire onyamula usiku wonse, pamalo pomwe mitambo imatha kuphimba phiri masiku angapo. Za jenereta ndisataye nazo nthawi: pa ola mashini amabweretsa masenti osakwana 20, pomwe jenereta yamwa petulo woposa lita.

Chodabwitsa n'chakuti kuno konkuno ku Mulanje Bitcoin ikukumbidwa, ndipo n'zomveka. Ku Bondo, m'munsi mwa phiri, bungwe la Mulanje Electricity Generation Agency, lomwe ambiri timangoti MEGA, limapanga magetsi ndi madzi a mtsinje wa Lichenya n'kumagulitsa m'midzi yomwe mawaya a dziko sanafikeko. Kampani ya ku Kenya yotchedwa Gridless, yomwe mu 2022 inalandira ndalama kuchokera ku kampani ya ku America ya Block ya a Jack Dorsey, m'modzi mwa oyambitsa Twitter, inaikako mashini ake. Anyamata akamva zimenezi amati, “Mwaona ankolo, zimatheka.” Zimatheka kumeneko chifukwa madzi a Lichenya sasiya kutsika anthu akagona. Pakati pa usiku, mababu atazimitsidwa ndipo zigayo zitatseka, makina opangira magetsi amakhala akuzungulirabe, ndipo mphamvu yomwe palibe woigula imangotayika. Okumba amagula yotayikayo pa mtengo wotsika kwambiri, ndipo anthu a m'mudzi akafuna magetsi ambiri, mashini ndi omwe amayamba kuzimitsidwa. Mwini magetsi wapeza kasitomala wa usiku, wokumba wapeza yuniti yotchipa. Inu wa mita ya m'nyumba mukugula yuniti yomwe yadutsa m'mawaya kuchokera ku Nkula kapena Tedzani, pa mtengo womwe MERA inavomereza, ndipo mukuilimbirana ndi chipatala ndi fakitale ya tiyi. Ntchito imeneyi ndi ya amene ali ndi magetsi otsala, ndipo m'nyumba zathu mulibe magetsi otsala.

Pali kukumba kwina komwe kwafala kuposa konseku, kwa pafoni. Munthu amakuikani m'gulu la WhatsApp, akuti tumizani K50,000 pafoni mubwereke mashini omwe ali kunja, tsiku lililonse muzidina batani ndipo ndalama zizikwera. Masiku oyamba amakulolani kutapa kangachepe. Kenako akuti kuti mutape zambiri bweretsani anzanu atatu. Foni singakumbe Bitcoin. Nambala zomwe zikukwera pa sikirini walemba ndi mwini pulogalamuyo. Munthu amene alidi ndi mashini opindulitsa sangafune K50,000 ya wokolola tiyi wa ku Thyolo. Ndalama zomwe oyamba amatapa ndi za omwe alowa pambuyo, ndipo ndaona amayi a banki m'khonde akukongola kuti alowe.

Amene wasonkhanitsa ndalama yokwana kugula S19 ndi kuifikitsa kuno, ine ndingamuuze agule makina owotcherera zitsulo. Amadya magetsi pokhapokha pomwe pali kasitomala, akawonongeka amakonzedwa pompano, ndipo mafelemu a mawindo safuna dola kuti agulidwe.

Pempho langa kwa inu akonzi n'lakuti mutumize mtolankhani ku Bondo. Akafunse eni ake kuti mashini alipo angati, yuniti akuigula pa mtengo wanji, ndalama yolowa ikugawidwa bwanji, ndipo nyumba zingati zalumikizidwa kuchokera pomwe okumbawo anafika. Akafunsenso a Reserve Bank ngati mawu awo a 2019 akadali pomwepo. Mitsinje yotsika m'phiri la Mulanje ndi yambiri, Ruo, Likhubula, Thuchila, Muloza, ndipo mafumu ndi makomiti a m'midzi ina angafune kuona nambala zimenezo asanalandire alendo obwera ndi mapepala oti asayine.

Ine wanu,
Mmisiri wa zamagetsi,
Chitakale, Mulanje