Tiwaphunzitse anthu gawo la intaneti limene amalikhudza tsiku ndi tsiku

Akonzi,

Ndikuthokozani pondipatsa danga m'nyuzipepala yanu kuti ndinenepo za nkhani imene yakhala ikundisowetsa mtendere kuyambira pamene ndinayamba ntchito yosamalira makompyuta ndi kuthandiza anthu amene makinawa awavuta. Nkhani za intaneti zikamalembedwa, kawirikawiri zimakamba za liwiro lake, za nsanja za mafoni ndi za mawaya odutsa pansi pa nyanja. Zonsezi n'zofunika, koma munthu wamba sakhudza waya wa pansi pa nyanja. Chimene amachikhudza akangotsegula foni kapena kompyuta ndi gawo lapamwamba penipeni la netiweki, limene akatswiri amalitcha application layer, ndipo ndaona ndi maso anga kuti pamenepa ndi pamene anthu amasokonezeka, kuloza chala wosalakwa, ngakhalenso kuberedwa, chifukwa palibe amene anawafotokozera mmene gawoli limagwirira ntchito.

Amene anakonza netiweki anaigawa ntchitoyi m'magawo osanjikizana, kuti gawo lililonse lizichita zake popanda kulowerera za linzake. M'chaka cha 1984 bungwe la ISO, limene limakhazikitsa miyezo yotsatiridwa pa dziko lonse, linatulutsa dongosolo lotchedwa OSI, lokhala ndi magawo 7, kuyambira pa waya ndi mafunde a wailesi pansi penipeni mpaka pa application layer, imene ndi gawo la nambala 7. Intaneti imene tikugwiritsa ntchitoyi imayendera dongosolo lina la TCP/IP, limene ARPANET, netiweki yakale ya ku America imene inabala intaneti, inasamukirako pa 1 Januwale 1983, ndipo ilo lili ndi magawo anayi okha, lapamwambalo litameza ntchito za magawo atatu apamwamba a OSI. Pano ophunzira ambiri amaphonya, poganiza kuti application layer ndi pulogalamu imene akuiona pa foni. Pulogalamuyo ili ngati munthu wolankhula, pamene gawoli ndi malamulo a kalankhulidwe amene mapulogalamu awiri otalikirana amagwirizana kutsatira: ndani ayambe, anene mawu ati, ndipo mnzake ayankhe bwanji.

Magawo apansi ndi amtengatenga okhulupirika amene sawerenga zimene anyamula. IP imafikitsa tizidutswa ta uthenga ku nambala ya kompyuta yoyenera, TCP imaonetsetsa kuti tizidutswato tafika tonse ndiponso m'ndondomeko yake, basi. Palibe mwa awiriwa amene amafunsa ngati zolembedwazo n'zoona, kapena ngati wotumizayo ndi amene akudzitchulayo. Mafunso amenewa anasiyidwira gawo lapamwamba, ndipo limene silinayankhidwe kumeneko ndiye kuti silinayankhidwe konse.

Ndiyambe ndi kuloza chala wosalakwa. Tsiku lina m'mawa ndinapeza anzanga onse a ku ntchito atakhala manja lende, akuti netiweki yaduka, ndipo mmodzi anali kale pa foni kukalipira kampani imene imatipatsa intaneti. Nditayang'ana rauta, kabokosi kamene kamalumikiza makompyuta athu ku intaneti, nyali zake zonse zinali zobiriwira. Ndinatumiza kauthenga koyesera ku seva ina yakutali (seva ndi kompyuta imene imayankha zopempha za makompyuta ena) poitchula ndi nambala yake, ndipo yankho linabwera nthawi yomweyo, koma nditaitchula ndi dzina, kunali zii. Msewu unali wabwinobwino. Chimene chinafa ndi seva yathu ya DNS, imene ntchito yake ndi kusandutsa dzina la webusaiti kukhala nambala imene makompyuta amamva. DNS ili m'gawo lapamwamba lomweli, ndipo anaikonza Paul Mockapetris m'chaka cha 1983, chifukwa kale mayina a makompyuta onse a pa netiweki ankalembedwa m'fayilo imodzi yotchedwa HOSTS.TXT, imene inkasungidwa ku Stanford Research Institute, ndipo makompyuta atachuluka fayiloyo sinkathanso kusamalika. Zofanana ndi zimenezi zinaoneka pa dziko lonse pa 4 Okutobala 2021, pamene Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima kwa maola pafupifupi 6. Anthu ambiri anazimitsa ndi kuyatsanso mafoni awo kambirimbiri, pamene vuto linayambira m'makina a kampaniyo ndipo linachititsa kuti maseva ake a DNS asafikirike, kotero kuti mayina aja analibe wowasandutsa nambala.

Ngakhale manambala amene amatulukira pa tsamba lokanika kutseguka ali ndi uthenga umene anthu akanapindula nawo. Pulogalamu yotsegulira masamba ikapempha tsamba, imagwiritsa ntchito HTTP, ndondomeko imene inachokera ku ntchito imene Tim Berners-Lee anayamba ku CERN, malo ofufuzira za sayansi ku Ulaya, m'chaka cha 1989, ndipo seva imayankha ndi nambala: 200 ngati zonse zili bwino, 404 ngati tsambalo kulibe, 500 ngati sevayo yadzisokoneza yokha. Munthu amene waona 404 adziwe kuti intaneti yake ilibe vuto, pakuti pempho lake lapita, lafika, ndipo yankho labwerera. Kuzimitsa rauta kapena kusintha foni sikungabweretse tsamba limene eni ake analichotsa.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi makamaka ndi imelo. Ndondomeko yotumizira imelo, SMTP, anailemba Jon Postel m'chaka cha 1982, nthawi imene netiweki inali ya anthu ochepa a m'mayunivesite ndi m'malo ofufuzira, ambiri a iwo odziwana ndi okhulupirirana. Ndikamaphunzitsa achinyamata amene angoyamba ntchito, ndimawakhazika pa kompyuta n'kulumikiza ku seva yathu yoyesera kudzera pa khomo la nambala 25, limene maseva amalandirirapo imelo, kenako ndimalankhula nayo ndi manja, mzere ndi mzere. Ndimalemba HELO, iyo n'kuyankha 250, kutanthauza kuti yamva. Ndimalemba MAIL FROM n'kuikapo adiresi ya wotumiza, kenako RCPT TO ndi adiresi ya wolandira, kenako DATA, ndipo ikayankha 354 ndimalemba uthengawo n'kumaliza ndi kadontho kali kokha pa mzere wake. Pa malo a wotumiza paja ndimaikapo dzina la mmodzi wa iwo amene akuonerera, ndipo uthenga ukafika m'bokosi la mnzake ukuoneka ngati wachokera kwa iye, m'chipindamo mumagwa bata. Ndondomekoyo payokha sinafunse umboni uliwonse. Inalemba zimene ndinaiuza, monga mmene munthu angalembere dzina lililonse kuseri kwa envelopu.

Akatswiri anadzaonjezera zotchingira pambuyo pake, zimene zimadziwika ndi mayina akuti SPF, DKIM ndi DMARC, ndipo zimathandiza seva yolandira kufufuza ngati uthenga wachokeradi kwa eni dzinalo. Zimagwira ntchito bwino, koma pokhapokha eni dzinawo atazikhazikitsa, ndipo sizingaletse wakuba amene walembetsa dzina lake lofanana ndi lenileni. Mayi wina amene amayang'anira za malipiro anabwera kwa ine tsiku lina atanyamula laputopu yake, nkhope ili yakugwa, chifukwa analandira imelo yooneka ngati ya abwana ake yomulamula kuti asinthe nambala ya akaunti ya kampani ina imene timagulako katundu ndi kulipira tsiku lomwelo. Dzina linali la abwana, kalembedwe kake kanali ka abwana, ngakhale kasainidwe ka m'munsi. Anali atadzaza kale fomu, ndipo chinamuimitsa n'chakuti abwanawo sanali munthu wofulumizitsa zinthu chotero. Tinatsegula mizere yobisika ya pamwamba pa uthengawo, imene imaonetsa maseva onse amene wadutsamo, ndipo tinakulitsa zilembo za adiresi. Pamene pamayenera kukhala chilembo m panali zilembo ziwiri, r ndi n, zitagundana bwinobwino moti diso lothamanga silikanaona, ndipo mzere wa Reply-To, umene umasonyeza kumene yankho lidzapite, unkalozera ku adiresi ina yosiyaniratu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mayiyo anadekha ndipo ndalama zinapulumuka, koma ndimadzifunsa kuti ndi angati amene amadziwa kuti mizere imeneyi ilipo, ndi kuti aliyense angathe kuitsegula.

Kachizindikiro ka loko kamene kamaoneka pafupi ndi adiresi ya webusaiti nakonso kanamiza anthu ambiri, ndipo pamenepa ife alangizi tili ndi mlandu, chifukwa kwa zaka zambiri tinkawauza kuti akaona loko asaope. HTTP yoyambirira inkatumiza zonse poyera, moti aliyense wokhala pakati pa njira akanatha kuwerenga mawu achinsinsi a munthu. Kampani ya Netscape inabweretsa SSL, njira yobisira uthenga, chapakati pa zaka za m'ma 1990, ndipo m'chaka cha 1999 inalowedwa m'malo ndi TLS, imene ndi maziko a HTTPS, HTTP yobisa uthenga ya masiku ano. Loko uja amanena zinthu ziwiri zokha: kuti zimene mukutumizirana ndi sevayo zabisidwa kwa anthu a m'njira, ndiponso kuti mukulankhuladi ndi mwini wa dzina limene lalembedwa pa adiresipo. Za khalidwe la mwiniyo sanenapo kanthu. Kuyambira m'chaka cha 2015 bungwe la Let's Encrypt lakhala likupereka kwaulere ziphaso zimene tsamba limafunika kuti likhale ndi loko, chimene ndi chinthu chabwino kwambiri chifukwa chateteza masamba ochuluka amene eni ake sakanakwanitsa kugula, koma wakuba amene walembetsa dzina lofanana ndi la banki nayenso amachipeza chiphasocho mosavuta, ndipo tsamba lake limakhala ndi loko. N'chifukwa chake m'chaka cha 2023 Google inachotsa chizindikirochi mu Chrome, pulogalamu yake yotsegulira masamba, n'kuikapo china, itaona kuti anthu ankachitenga ngati umboni wa kukhulupirika kwa tsambalo.

Ndikudziwa kuti ena adzati munthu wamba safunika kudziwa zonsezi, monga mmene woyendetsa galimoto sakakamizidwa kudziwa za m'kati mwa injini. Ndikuvomereza kuti za magawo apansi angazisiyire akatswiri, ndipo palibe chimene angataye. Koma gawo lapamwambali ndi pamene iye mwini amapanga chiganizo: kudina kapena kusadina, kulemba mawu achinsinsi kapena kubweza dzanja, kulipira kapena kuyamba waimba foni. Palibe katswiri amene amakhala pambali pake pa mphindi imeneyo, ndipo zimene akufunika kudziwa si zambiri. Adziwe kuwerenga adiresi ya webusaiti ndi kuzindikira kuti mwini wake amadziwika ndi chigawo chakumapeto kwa dzina, asanafike pa kamzere kopendekera (/) koyamba kotsatira dzinalo, ngakhale kumayambiriro kutalembedwa dzina la banki yake. Adziwe kuti dzina la wotumiza imelo ndi mawu amene wotumizayo anadzilembera yekha.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, n'lakuti mupatule kadanga, ngakhale kamodzi pa mwezi, kofotokozera zinthu zimenezi m'chilankhulo chathu, chinthu chimodzi pa nthawi, ndi chithunzi cha adiresi yeniyeni pambali pa yabodza kuti owerenga ayerekeze okha. Aphunzitsi a makompyuta nawo ndikuwapempha kuti asalekere pa kuloweza mayina a magawo 7 a OSI pokonzekera mayeso, koma awatsegulire ana zida zoonera zimene zili kale mu Chrome ndi Firefox, kuti aone ndi maso pempho likuchoka ndi yankho la 200 kapena 404 likubwerera. Ndipo bungwe lililonse limene limatumiza imelo m'dzina lake lifunse amene amasamalira makompyuta ake ngati SPF, DKIM ndi DMARC zinakhazikitsidwa, ndipo ngati sizinatero, apatsidwe tsiku loti akhale atamaliza.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu amene amasamalira makompyuta