Ana athu aphunzire kaye SQL asanathamangire ma ORM

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za anyamata ndi atsikana amene akutuluka m'makoleji kukayamba kulemba mapulogalamu a kompyuta, makamaka aja akupanga ma system a sukulu, a ma SACCO, a mashopu ndi timakiliniki ta m'matauni. Anawa ndi akhama ndithu koma ambiri akudziwa ORM pomwe SQL, chinenero cholankhulira ndi database, sakuidziwa, ndiye amene akuvutika nazo ndi makasitomala olipira ma system amenewa.

Kwa owerenga amene si a ntchitoyi, ORM ndi chida chimene chimakhala pakati pa pulogalamu ndi database, iwe ukulemba Java kapena PHP kapena Python, icho n'kumakulembera SQL kuseri osakuonetsa. Ma ORM alipo ambiri: Hibernate ya Gavin King inayamba mu 2001, ActiveRecord inabwera ndi Rails mu 2004, Django ili ndi yake, Laravel ili ndi Eloquent yomwe ineyo ndimaiona kwambiri pa malaputopu a achinyamata kuno. Sikuti ndikuzinyoza ayi, ngakhale DHIS2 ija amagwiritsa ntchito a unduna wa zaumoyo imayenda ndi Hibernate pamwamba pa PostgreSQL, ndipo pa chinthu chachikulu chotero chamatebulo osawerengeka ORM imathandizadi. Koma system ya SACCO ya matebulo 12 ikufuniranji zonsezo?

Taonani zimene zimachitika. Mwana walemba peji yoonetsa mamembala onse ndi ndalama zomwe aliyense wasunga, akutenga mamembala kenako mu loop akuitana member->deposits, code yooneka bwino mizere itatu basi. Pa laputopu yake pali mamembala 10 ongoyesera ndipo database ili pompo ndiye ikuthamanga ngati mphepo. Ikafika kwa kasitomala wa mamembala 800, ORM ija ikutumiza query (funso lopita ku database) imodzi yotenga mamembala kenako ina 800, membala aliyense yakeyake, zonse pamodzi 801 pa peji imodzi, mlembi wa SACCO ali pa kauntala mzere wafika panja peji ikungozungulira, n'kumati netiweki yavuta pomwe netiweki ilibe mlandu. A ntchitoyi vutoli amalitchula kuti N+1. Mankhwala ake ndi query imodzi yokha ya JOIN ndi SUM ndi GROUP BY, database n'kuwerengera yokha n'kubweza yankho kamodzi. Inde Eloquent ili ndi with() ndipo Django ili ndi select_related ndi prefetch_related zothetsera zomwezi, koma udziwa bwanji kuti ukuzifuna ngati sunaonepo SQL imene ikutuluka kuseriko?

Njira zosavuta zilipo ndipo si zachilendo. A webusayiti ya Stack Overflow ankagwiritsa ntchito ORM yotchedwa LINQ to SQL, itayamba kuwachedwetsa Sam Saffron ndi Marc Gravell analemba Dapper mu 2011, kachida kakang'ono koti SQL umalemba wekha iko n'kungokuthandiza kuika zotsatira mu ma object. Ku Java kuli MyBatis imene poyamba inkatchedwa iBATIS, kulinso JdbcTemplate ya Spring ndi jOOQ. A Go ali ndi sqlc, umalemba query mu fayilo iyo n'kukupangira code yoitanira. Python imabwera kale ndi sqlite3, ndipo SQLAlchemy ili ndi mbali ya Core yomwe ungagwiritse ntchito osakhudza ORM yake. A PHP anzanga PDO, chida cholumikizira PHP ndi database, mwakhala nayo kuyambira PHP 5.1 mu 2005, komanso mu Laravel momwemo muli DB::table ndi DB::select, simukufunika kuchoka pa framework yanu.

Ndikudziwa ena anena kuti ukalemba SQL wekha utsegulira akuba chitseko, za SQL injection zija. Nkhawayo ndi yoona ndipo ndi yomwe imandikhudza kwambiri chifukwa m'ma system amenewa muli ndalama za azimayi ogulitsa pamsika. Koma chimabweretsa vutolo ndi kumata zimene munthu walemba pa fomu molunjika mu query, ndipo kuno kwathu mumazigwira msanga chifukwa mayina athu ali ndi kachizindikiro kaja ('), mungolemba dzina ngati Ng'oma kapena katundu ngati ng'ombe query yothyoka pompo, error pa sikirini. Ngati dzina wamba likuthyola query ndiye kuti munthu woipa mtima atha kulembapo zake n'kuwerenga tebulo lonse. Prepared statement imathetsa zonsezi, ulemba WHERE dzina = ? ndipo dzinalo ulipereka padera, database imalitenga ngati dzina basi osati lamulo. PDO imachita zimenezi, Dapper imachita, sqlite3 imachita. Ndi phunziro la tsiku limodzi.

Enanso amati ORM imakupulumutsa tsiku lomwe udzasinthe kuchoka pa MySQL kupita pa PostgreSQL. Sukulu ya sekondale imene ikungofuna kudziwa amene sanamalize fizi idzasintha database liti?

Chinanso, SQL inayamba ku IBM m'zaka za m'ma 1970 ndipo ANSI inaikhazikitsa mu 1986, mpaka lero SELECT ndi yomweyo, pomwe ma framework akusinthasintha moti zimene mwana waphunzira chaka choyamba pena pomaliza sukulu zasintha kale kalembedwe.

Ndiye pempho langa kwa aphunzitsi m'makoleji, chonde project yoyamba ya database ana alembe ndi SQL ya manja ndi prepared statement, aone EXPLAIN (lamulo loonetsa mmene database ikuyendetsera query), aike index (chofulumizitsa kufufuza mu tebulo) okha aone kusiyana kwake, ORM ibwere pambuyo. Inunso mabwana olemba ntchito, pa intavyu musamangofunsa kuti Laravel umaidziwa, mpatseni matebulo awiri, la mamembala ndi la ndalama zosunga, alembe query yoonetsa amene sanasungeko kalikonse mwezi watha. Ndipo amene muli kale ndi system yochedwa, musanagule seva ina yodula uzani wokupangiraniyo ayatse query log muwerenge limodzi ma query amene peji imodzi ikutumiza.

Wolemba mapulogalamu,
Area 25, Lilongwe